Amuna anga ali kundende chifukwa chondivulaza, ndingatani kuti chilango chichepe?

Zikomo agogo,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Lilongwe kuno ndipo geni yanga ndi ya kaunjika. Amuna anga ali kundende ndipo amene ndinakawadandaulira ku polisi ndine ndemwe. Ndiyambe ndanena kuti zomwe anandichita ndi zoipa sindikuwaikira kumbuyo ayi, anabwera ataledzera tinakangana pa nkhani ya ndalama za njinga poti amapanga kabaza wa njinga yamoto, nde anandimenya mpaka kundithyola dzino komanso pamwamba pa diso panang'ambika anachita kukandisoka kuchipatala. Ana anaona zonse. Kupita ku polisi ndinapita ndi mtima wanga wonse ndipo zitachitikanso ndikhoza kupitanso.

Koma chomwe ndimayembekezera ine nchoti a Victim Support, ofesi ya ku polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, akawalangiza, mwina agone m'selo amve kuwawa aphunzirepo kanthu. Nkhani inathamanga kwambiri, kalata ya kuchipatala itangolowa mu fayilo basi mlandu ku khoti. Anawaimba mlandu wovulaza munthu pansi pa gawo 254 la malamulo a milandu, lomwe akuti chilango chake chachikulu ndi zaka 5. Iwo anavomera pompo osavuta, loya analibe, atafunsidwa ngati ali ndi chodandaula anangoti pepani ndili ndi ana basi. Majisitireti anawapatsa miyezi 36 akugwira ntchito yakalavulagaga. Ine poti mlandu anavomera sindinaitanidwe nkomwe kukaima m'bokosi, palibe anandifunsa kuti mayi inu mukufuna chani. Ichi ndi chomwe chimandipweteka kwambiri agogo, wovulala ndine, chipsera chili pankhope panga, koma mawu anga sanamveke paliponse.

Ndinayesa kukanena kuti ndawakhululukira mlandu uthe. Anandiuza kuti mlandu ukalowa m'khoti si wanganso ndi wa boma, ine ndangokhala mboni, ndipo poti chigamulo chinaperekedwa kale palibe chothetsa. Ena anandiuza kuti lamulo limalola khoti kuyanjanitsa anthu pa milandu ing'onoing'ono ngati kumenyana wamba koma zimenezo zimachitika mlandu usanagamulidwe, nde kwa ife zinadutsa.

Pano aliyense akundiuza zake mutu wanga wazungulira. Mayi wina wa kumpingo amene mchimwene wake anakhalako kundende akuti njira ndi apilo ku High Court, koma akuti pamafunika kudziwitsa khoti pasanathe masiku 10 ndipo zikalata zonse zikhale zitalowa pasanathe masiku 30, ife masiku amenewo anadutsa kalekale tili kakasi. Akutinso munthu amene anavomera yekha mlandu sangachite apilo yoti sanalakwe, angodandaula za kukula kwa chilango basi. Kwa ine zimenezo zili bwino chifukwa sindikufuna kuti wina anene kuti sanalakwe, analakwa. Funso langa nloti kodi khoti lingalole apilo mochedwa chonchi tikafotokoza kuti tinalibe loya komanso sitimadziwa? Ndipo amene amachita apilo ndi ndani, ine kapena eni ake ali mkatimo?

Chinanso ndamva kuti zilango zazitali zoperekedwa ndi majisitireti zimapita zokha ku High Court kuti jaji akazionenso, atha kuvomereza, kuchepetsa olo kuwonjezera kumene. Apa mpamene ndikuopa, ndingapite kukagogoda kuti fayilo ionedwe msanga kenako jaji nkuona chithunzi cha nkhope yanga tsiku lija nkunena kuti miyezi 36 yachepa. Kodi zimatheka zimenezo? Nanga ine ngati wodandaula ndingalembe kalata yopita mu fayilo imeneyo yonena kuti ndakhululuka, kuti ana akuvutika, kuti aka kanali koyamba kumangidwa? Jaji amawerenga kalata zotere kapena zimangotayidwa? Ngati imafunika kulumbirira, ndikalumbire kuti?

Za chikhululukiro cha a Pulezidenti ndimazimva pa wailesi chaka chilichonse, pa 6 July, pa Khirisimasi ngakhale pa Pasaka amatulutsa akaidi, makamaka amene agwira theka la chilango ndipo asonyeza khalidwe labwino, okalamba ndi odwala. Kwa amuna anga theka ndi miyezi 18. Koma mayina amawasankha ndani? Ndamva kuti pali komiti yomwe imalangiza a Pulezidenti, kodi munthu wamba ngati ine ndingailembere? Ndipo poti masiku ano nkhani za nkhanza za m'banja boma likuzitenga mwamphamvu, kodi mlandu ngati uwu amauika pa mndandanda kapena amausiya dala? Iwo eni atandiuza pokawaona anati akakhala bwino osapalamula mkatimo amadulidwa gawo limodzi mwa magawo atatu, ndiye kuti atuluka pa miyezi 24, koma zaka ziwiri kwa mwana wa sitandade 2 ndi nthawi yaitali agogo. Njinga inaima, mwini wake anaitenga, lendi ndi fizi zonse zili pa ine, kuwonjezera apo ndiphikenso chakudya chokawapatsira poti mkati muja amadya kamodzi patsiku.

Akuchimuna ndiye andiyika pamoto. Apongozi anga sandilankhula akuti ndinamangitsa mwana wawo, ankhoswe akuti nkhani ya m'nyumba sipita ku boma ndikanayamba kwa iwo, chonsecho m'mbuyomu ndinkawauza za mowawu iwo amangoti pirirani. Alamu anga akundikakamiza kuti ndipite ndikasinthe sitetimenti ndikanene kuti ndinagwa ndekha pakhonde. Izi ndakana ndipo sindidzachita, sindinganame pa zomwe ana anga anaona ndi maso awo, komanso ndikudziwa kuti kunama pamaso pa khoti ndi mlandu ndikhoza kumangidwa ine ana nkutsala okha. Palinso bambo wina amene akuti amadziwana ndi akuluakulu, akufuna ndalama kuti akankhe fayilo, mtima wanga ukukana koma alamu akuti ndikapanda kupereka ndiye kuti sindikuwafuna achimwene awo. Ndiwayankhe bwanji anthu amenewa?

Ndalama ya loya ndilibe. Anthu akunditchulira a Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza anthu osowa ndalama ya loya, ena akuti a mabungwe a PASI ndi CHREAA amayendera akaidi m'ndende kuwathandiza zolemba. Kodi a Legal Aid angandimvere ine pomwe ndine amene ndinali mbali ya boma pa mlanduwu, kapena ndiwauze amuna anga apemphe okha kudzera kwa akuluakulu a ndende?

Chomaliza ndi ichi, ndipo musandiweruze. Ndikufuna atuluke msanga koma sindikufuna abwerere ku mowa ndi kundimenyanso. Ndinamva kuti lamulo la 2006 loteteza nkhanza za m'banja limalola khoti kupereka chikalata choletsa munthu kuchitira nkhanza mnzake. Kodi ndingapemphe zonse ziwiri nthawi imodzi, kuti chilango chichepe komanso kuti akatuluka pakhale chikalata chimenecho, kapena khoti lidzaona ngati ndikudzitsutsa ndekha nkukana pempho loyambalo? Chonde ndiuzeni khomo loyamba kugogoda ndi zoti ndinyamule popita kumeneko.

Ine mayi wosowa mtengo wogwira,
Lilongwe