Kalata yochokera ku Ioannina, Amayi awerengeredwe yonse

Ioannina, Greece
3 Novembala

Amayi,

Moni nonse kumeneko. Ine ndili bwino, chifuwa chija chinatha, kwangotsala kachimfine ka kuzizira kwa kuno. Malonje ambiri tidzachita tsiku lina, lero ndili ndi nkhani. Iwe mwana wa achemwali amene ukuwerenga kalatayi, uwerenge zonse mokweza, usadumphe mzere ngakhale umodzi, ndipo amalume ako aang'ono akhale pomwepo amve ndi makutu awo.

Talandira dzana. Ndatumiza mayuro 350 pa foni ya achemwali, osati pa foni ya mng'ono wanga ngati kale, chifukwa chake mukuchidziwa. Imeneyi ndi ya feteleza, matumba anayi, awiri okulitsa, awiri obereketsa, yotsalayo mugule mbewu. Musadikire mvula igwe kaye, nthawi imeneyo mtengo umakhala utakwera ndipo mzere wake ndi wogona pomwepo. Achemwali ajambule risiti anditumizire tsiku lomwelo.

Tsopano Amayi, malata ali kuti? Mu Ogasiti ndinatumiza mayuro 500 a malata, misomali ndi kalipentala. Ndinafunsa, anandiyankha kuti zonse zili m'malo. Sabata yatha amalume anditumizira mawu pa WhatsApp kuti nyumba ikadali chiasamire, njerwa zikungowombedwa ndi dzuwa, koma mng'ono wanga amuona kawiri pa Chimbiya ali panjinga yamoto yatsopano akunyamula anthu. Nditamuimbira anati ndi ya mnzake. Mnzake uti wabwino chonchi, wobwereketsa njinga yatsopano tsiku ndi tsiku? Ine sindinabadwe dzulo.

Mwina mumva kale kuti ndinaika zithunzi pa Facebook ndili m'mapiri, ndipo ndikudziwa kuti ena ayamba kunena kuti uja akudya ndalama kwa Azungu, ife tikuvutika. Ndikufotokozereni, kuti musamve za m'maluwa. Pa 28 Okutobala kuno ndi tchuthi chachikulu, amakumbukira tsiku la mu 1940 pamene dziko la Greece linakana kugonjera asilikali a ku Italy. Titamaliza kudyetsa nkhuku m'mawa, bwana anatitenga atatu pa pikapu yake, ine, mnzanga wa ku Albania ndi wina wa ku Pakistan, akupita kukaona mayi ake kumudzi. Sindinalipire ngakhale yuro imodzi. Mafuta ake, chakudya cha mayi ake.

Dera lakwawoko amalitcha Zagori, akuti tanthauzo lake ndi kuseri kwa phiri, ndipo dzinalo silinama. Kuchoka mu Ioannina ola silikwana, koma ukangopatuka pamsewu waukulu uli kwina. Kuli midzi 46, yonse yamiyala. Khoma mwala, mpanda mwala, njira mwala, denga nalo mwala wopyapyala woyalidwa ngati mamba a nsomba, moti mudzi suuona msanga, umafanana ndi phiri lomwelo. Nditaona madengawo ndinaseka ndekha, ndinati awa nkhani ya malata saidziwa, palibe angagulitse denga lawo n'kugula njinga. Mu 2023 a UNESCO analemba dera lonselo m'kaundula wa malo osungidwa a dziko lonse lapansi, monga analembera zithunzi za m'mapanga a Chongoni kwathu ku Dedza kuja.

Amayi, mankhwala a kuthamanga kwa magazi musasiye chifukwa choti mwayamba kumva bwino. Akatha, achemwali atenge pa ndalama ya mbewu, ndidzabweza.

Chimene chinandigwira mtima si mapiri ayi, mapiri ndakula nawo. Ndi milatho. Pafupi ndi mudzi wa Kipoi tinaima pa mlatho wina wamiyala, wopindika ngati uta, wochoka pathanthwe ili kukagwira thanthwe linalo. Amautcha wa Kokkoris, ena amati wa Noutsos, dzina la munthu amene anapereka ndalama yake. Unamangidwa mu 1750, ndipo ine ndayendapo ndi mapazi angawa, sunagwedezeke. Patsogolo pang'ono pali wina wa mauta atatu, wa Plakidas, wa mu 1814, ukamauona chapatali ngati mbozi ikuyenda pa tsamba. Ndinafunsa bwana kuti boma lanji linkamanga zinthu zolimba chonchi, iye anaseka. Anati si boma. Nthawi imeneyo dziko linali m'manja mwa anthu a ku Turkey, ndipo kumapiriko nthaka ndi yochepa, yosadyetsa banja. Amuna ankachoka akadali anyamata kupita ku Constantinople (mzinda umene pano amautcha Istanbul), ku Romania, ku Russia, ku Egypt, kukakhala zaka osabwera, monga agogo aamuna ankapitira ku Joni pa Wenela. Ndalama zimene ankatumiza ndi zimene zinamanga nyumba zimenezi, masukulu, matchalitchi, zitsime, ndi milatho yambiri. Ku Monodendri anandionetsa kwawo kwa abale awiri a banja la Rizaris, amene anakalemerera ku Russia, chuma chawo chinatsegula sukulu ku Athens imene ilipo mpaka lero.

Ndinaima pa mlatho paja nthawi yaitali, mpaka anzanga anandikuwira. Ndinkawerengetsa, Amayi. Zaka zitatu ndi miyezi isanu ndili kuno, ndikudzuka 4 koloko kulowa m'khola la nkhuku, fungo lake lolowa mpaka m'malaya a ku tchalitchi, manja ong'ambika ndi chisanu. Amuna a ku Zagori anatumiza ndalama pa bulu ndi pa sitima, popanda foni, popanda risiti, ndipo ndalama zawo zinasanduka miyala yomwe yaima zaka zoposa 270. Zanga zimafika mphindi yomweyo, foni kulira kuti tii, koma zasanduka chiyani? Khoma lopanda denga. Ndiuzeni ngati ndikulakwa.

Iwe mng'ono wanga, tamvera. Sindikukana kuti kabaza ndi geni. Ukanandiuza kuti achimwene, ndaganiza zakuti, tikanakambirana ngati amuna, mwina ndikanakuthandiza chaka chamawa. Chimene chandiwawa n'chakuti unandiyang'ana pa vidiyo n'kundiuza kuti malata ali kwa a sitolo akudikira galimoto. Ngati njingayo ndi yako, nena. Ngati ndi ya ndalama ya malata, uzipereka kwa achemwali ndalama sabata iliyonse mpaka malata akwane, kapena uigulitse pano isanagwe mtengo. Kusankha ndi kwako, koma pofika pa 20 mwezi uno ndimve chimodzi.

Ndibwerere ku ulendo uja, chifukwa mwana akuwerengayu amakonda za jogalafe. Ku Monodendri komweko, ukatsika kanjira ka miyala, umafika pa kanyumba ka amonke ka Agia Paraskevi, ka zaka zoposa 600, komangidwa m'mphepete penipeni mwa phompho. Phompho limenelo ndi la Vikos. Amayi, ine mwana wa ku Dedza sindiopa phiri, koma pamenepo maondo anagwedera. Kuya kwake kumafika mamita 900, makoma ake oongoka ngati odula ndi mpeni, mbalame zikuuluka pansi pa iwe, osati pamwamba. Mitengo inali itasintha masamba, ina yofiira, ina yachikasu, ngati mmene misasa imachitira kwathu ikamaphukira, kusiyana kwake n'kwakuti kuno masambawo akufuna kuyoyoka. Malo onsewo ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1973, muli zimbalangondo, koma ife sitinaone, tinangokumana ndi nkhosa ndi agalu ake aakulu ngati ana a ng'ombe. Amenewo ndiye owopsa, bwana anati tisatsike m'galimoto.

Pansi pa phompho lija pamatuluka mtsinje wa Voidomatis. Madzi oyera mbee, timiyala ta pansi ukuwerenga, nsomba zikuoneka. Ndinapisa dzanja kuti ndisambe kumaso, ndinalichotsa msanga, kuzizira kwake ngati la mufiriji. Kuchoka pamenepo msewu umakwera mokhotakhota, kona pamwamba pa kona, kuposa wa Golomoti uja, mpaka ku Papingo, kumene matanthwe aatali aima pamwamba pa mudzi ngati nsanja. Phiri lake ndi Tymfi, nsonga yake ndi mamita 2,497. Ndinawauza kuti Sapitwa wathu ndi 3,002, sanakhulupirire, amayesa ku Africa kulibe mapiri. Ndinachita kuwaonetsa pa foni.

Fizi ya mwanayu ya teremu ikubwerayi ndidzatumiza kumapeto kwa mwezi, ndipo ikaperekedwe kusukulu ndi achemwali okha. Isagone m'nyumba.

Mayi ake a bwana ndi gogo wa zaka zopitirira 80, wovala zakuda, amakhala yekha m'nyumba yaikulu ya zipinda zambiri. Anatiphikira chakudya chawo chotchedwa alevropita, ufa wa tirigu, mazira ndi tchizi cha feta, chopyapyala, chowotcha mu uvuni, chokhala ngati chigumu koma cha mchere. Chinakoma, koma mimba yanga inkafunsabe kuti nsima ibwera liti. Anatipatsanso kamowa kawo ka tsipouro, kachasu weniweni wa mphesa, ine ndinangonyambita, musadandaule. Gogoyo anandigwira dzanja n'kufunsa kudzera mwa mwana wake kuti mayi ako ali moyo? Ndinati eya. Anati nanga ukutani kuno? Sindinayankhe, Amayi, pakhosi panatseka.

Pali china chimene ndinaona chimene pa zithunzi palibe. Nyumba zokongolazo zambiri ndi zokhoma. Eni ake ali ku Athens, ku Germany, ku America, amabwera pa tchuthi pokha, zina zinasanduka malo ogona alendo. M'mudzi wa gogoyo sindinamve mwana akulira kapena kusewera, sukulu yomangidwa ndi ndalama za amuna aja ilipo koma mabenchi ali okha. Ndinachita mantha. Ine sindikufuna kukalambira kuno, ndikufuna denga lithe, ndigule mbuzi zingapo, ndibwere. Mwezi uliwonse umene ndalama yapita kolakwika ndi mwezi wina wowonjezera m'khola la nkhuku za eni. Zimenezi mng'ono wanga azimvetse.

Pobwerera tinadzera pa Kalpaki, pamene asilikali a Greece anabweza a ku Italy mu Novembala 1940. Paphiri pali chifanizo chachikulu cha msilikali, tsikulo panali mbendera ndi nkhata za maluwa. Bwana anatiuza kuti pa nkhondo imeneyo amayi a m'midzi ya m'mapiri a Pindus ankasenza zipolopolo ndi chakudya kumsana kukwera nazo kumene magalimoto sakanafika. Ndinakumbukira achemwali akusenza njerwa zija kuchoka kudambo, 6,000, okha ndi ana. Njerwa zimenezo mvula ikazinyowetsa opanda denga, ndani adzawayang'ane kumaso?

Choncho chitani izi. Mawa lomwe wina apite akagule pepala lapulasitiki lakuda, lokhuthala, aphimbe pamwamba pa makoma onse n'kutsamiritsa njerwa, poyembekezera malata. Ndalama yake ichoke m'thumba la mwini njinga, osati pa feteleza. Nkhumba ija isagulitsidwe, ndamva kuti pali amene ayamba kuiyesa ndi maso. Amalume muwathokoze, ndipo pasapezeke wowanyoza kuti ndi akazitape, ndine ndinawafunsa. Kalipentala mumuuze asatenge ntchito ina, ayembekeze mpaka pa 20.

Kuno kwayamba kuda 5 koloko ikangodutsa, mvula tsiku ndi tsiku, nkhungu panyanja ya Pamvotis ngati chiperoni. Jekete ndili nalo. Wina akamabwera mbali ino munditumizireko ufa woyera ndi usipa pang'ono, wa kuno ufa ndi wachikasu, nsima yake siigwira.

Lamulungu 3 koloko ya kumeneko ndiimba pa vidiyo. Nonse mukhale pakhomo, foni ikhale yotchaja, ndipo njingayo ikhale pabwalo ndiione.

Ndine mwana wanu,
wa ku Greece