Kalata yoyamikira ogwira ntchito zaumoyo m'chigawo cha Tete

Dómuè, Angónia

Kwa a Direktori ndi onse ogwira ntchito ku Direcção Provincial de Saúde, Tete

Olemekezeka akuluakulu athu,

Landirani moni wochokera kuno ku Angónia. Kalata ino ndalemba m'malo mwa komiti ya zaumoyo ya m'mudzi mwathu. Tinakhala pansi pamodzi ndi amfumu ndi anduna awo, ndipo anthu anati popeza madandaulo timatumiza mothamanga, mawu oyamikira nawonso asamagone m'nyumba. Ndiye anandituma ine.

Inu mukudziwa kuti ku chipatala cha boma ndalama imene munthu amapereka ndi yochepa: metikali 1 polembetsa, 5 pa mankhwala, ndipo ma ARV ndi mankhwala a TB salipiritsa n'komwe. Koma kwa ife chodula ndi msewu. Kuchoka ku Ulónguè, likulu la boma lathu la Angónia, kukafika ku Tete ndi makilomita oposa 200, ndipo ambiri a ife ngakhale Ulónguè yemweyo amatitalikira. Mwini golosale kapena mlimi amene wagulitsa fodya wambiri akadwala amakwera chapa (minibasi) tsiku lomwelo, mwinanso kuwoloka pa Calómuè n'kukaonana ndi dokotala ku Dedza. Mayi wamasiye wolima kamunda kamodzi amagona kaye masiku angapo kuyembekeza kuti mwina zisintha zokha, kenaka n'kugulitsa nkhuku, kenaka n'kupempha ngolo kwa aneba. Matenda ndi omwewo, chipatala n'chomwecho, koma wina amafika akuyenda, wina atanyamulidwa. Tikukuyamikani chifukwa pa zaka zimenezi mwakhala mukuchotsa zinthu zina ku zipatala zazikulu n'kuzibweretsa kumene kuli anthu, ndipo amene apindula kwambiri ndi osauka aja.

Ndiyambe ndi magulu a GAAC, popeza anabadwira m'chigawo chathu chomwe chino. Mu 2008 a zaumoyo a Tete pamodzi ndi a bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières anayamba kulola anthu omwa ma ARV kupanga timagulu ta anthu osapitirira 6, kuti mwezi uliwonse mmodzi azipita kuchipatala kukatengera anzake onse. Amene sanakhalepo pa mankhwalawa angaone ngati n'zazing'ono. Koma taganizirani mlimi mu Disembala, chimanga chikufuna kupalira, mbatatesi ikufuna kukwezera, iye n'kutaya tsiku lathunthu ndi ndalama ya njinga mwezi ndi mwezi. Ambiri ankangosiya, ndipo tinawaika m'manda. Tsopano madzulo a tsiku loti mawa wina apita, gulu limakumana pakhonde la mmodzi wa iwo. Aliyense amakhuthulira mapiritsi ake otsala pa kansalu, anzake n'kuwerenga, mlembi n'kulemba m'kaundula. Wina akapezeka ndi mapiritsi ochuluka kuposa momwe ziyenera kukhalira, amafunsidwa pomwepo kuti, "Achimwene, mwadumphitsa masiku angati?" Safunsa mokalipa ayi, koma amafunsa ndithu. Akatero amasonkha ya ulendo, amapereka makadi awo kwa wopitayo, n'kubalalika. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Unduna wa Zaumoyo unaitenga njira imeneyi n'kuifalitsa dziko lonse, ndipo abale athu ku Malawi nawonso anaitengera. Ife timanyadira kuti inayambira kwathu.

Chachiwiri ndi a APE, azaumoyo a m'mudzi, anthu amene timasankha tokha m'mudzi, inu n'kukawaphunzitsa. Wathu ndi mayi wa ana ake, amalima ngati ife tonse. Mwana akatentha thupi usiku, mayi ake amakagogoda kwa iyeyo. Amamubaya kachala, kudontheza magazi pa kachipangizo koyezera malungo, kudikira mphindi zochepa, ndipo mizere iwiri ikaoneka amapereka Coartem nthawi yomweyo, n'kufotokoza m'Chichewa momwe amwetsere. Wotsegula m'mimba amamupatsa thanzi ndi zinki. Chimene ine ndimamulemekezera kwambiri n'chakuti amadziwa polekezera. Akaona mwana akukomoka, kapena nthiti zikulowa m'kati popuma, sayesa zaukatswiri. Amalemba kapepala n'kunena kuti thamangani naye. Tikupempha kuti anthu amenewa muziwakumbukira pa nkhani ya mankhwala a m'chikwama mwawo, njinga ndi kangachepe kawo, chifukwa iwowa ndiwo nkhope yanu kuno kumudzi.

Za poliyo sindichulukitsa. Matendawa atapezeka ku Lilongwe mu February 2022, kenaka m'chigawo chathu mu May chaka chomwecho, anthu anu anayenda khomo ndi khomo ndi mabokosi ozizira, kudonthezera ana m'kamwa ndi kuwapaka inki pa chala. Anabwera kangapo, mpaka anthu ena anayamba kung'ung'udza kuti n'chiyaninso. Anafika ngakhale ku midzi ya m'malire kumene mwana amagona ku Mozambique n'kukasewera ku Malawi, ndipo sanafunse kuti uyu ndi wa dziko liti. Mu 2024 zinalengezedwa kuti mliriwo watha.

Amayi a m'komiti anandiuza kuti ndikaiwala nyumba yodikirira ndisabwerere kwawo. Mayi woyembekezera wokhala kutali amapita mwezi wake ukayandikira, ndi ufa, nyemba, mphika ndi womudikirira, n'kukakhala pafupi ndi azamba. Zikavuta, njira yopita ku Hospital Rural de Ulónguè, kumene amachita opaleshoni, imayambira pakhomo pa chipatala, osati kuseri kwa mtsinje wodzaza. Akuluakulu amene anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi ya nkhondo, n'kubwerera pambuyo pa mtendere wa 1992 n'kupeza zipatala zazing'ono zili mabwinja, amakumbukira amayi angati amene anathera pa ngolo. Achinyamata a lero nkhani zimenezi amazimva ngati nthano, ndipo ife tikufuna zikhale choncho.

Tsopano mutilole tinene maganizo athu awiri, poti woyamikira ndi mnzanu pa ntchito.

Loyamba ndi la chilankhulo. Agogo ambiri kuno Chipwitikizi sachidziwa. Namwino akamalankhula nawo Chichewa amafotokoza zonse, ngakhale za kuchipinda. Akamafunika womasulira, makamaka ngati womasulirayo ndi mdzukulu wawo, amangoti "mutu" pomwe vuto lili kwina. Ku Tete kuli Instituto de Ciências de Saúde, kophunzitsira anamwino ndi azaumoyo ena, kulinso sukulu ya zaumoyo ya yunivesite ya UniZambeze. Ana a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde amene akhoza bwino atamapeza malo kumeneko, ena n'kubwezedwa kukagwira ntchito kwawo, phindu lingakhale pawiri: odwala angamveke, ndipo malipiro angamagwere m'midzi momwe muno. Mtsikana mmodzi wovala yunifomu ya unamwino amachititsa makolo ambiri kuganiza kawiri asanatulutse mwana wawo pasukulu kuti akakwatiwe. Ntchito zina, monga ulonda, kuchapa, kuphika ndi kusesa, n'zoti anthu oyandikana ndi chipatala angazigwire bwino lomwe.

Lachiwiri ndi la chakudya. Chipatala chachikulu chimaphikira odwala tsiku ndi tsiku, chaka chonse. Ife kuno timalima chimanga, nyemba, soya, kabichi ndi mbatatesi, ndipo nthawi yokolola mavenda amatigula pa mtengo wolira nawo. Sitikudziwa bwino malamulo anu a kagulidwe, ndipo tikumvetsa kuti boma silingagule pa msewu ngati mayi wa pakhomo. Koma magulu a alimi olembetsedwa alipo. Mutatiuza zofunika, kaya ndi mapepala, kaya ndi mlingo wa kauma kwa mbewu, ife tingakonzeke, kuti gawo lina la ndalama ya kukhitchini ya chipatala lizitsala kwa alimi a m'chigawo chino.

Pomaliza, amfumu akuti mukadzakhala ndi ulendo wa kuno kumtunda mudzatidziwitse kudakali nthawi. Tikufuna mudzaone gulu la GAAC likuwerenga mapiritsi ndi maso anu, komanso mudzamve kwa amayi okha za mlatho wa pa mtsinje wathu, umene nthawi ya dzinja umatseka njira ya ambulansi. Mudzabwere ndi majuzi, kuno si kotentha ngati ku Tete.

Mutiperekere moni kwa madokotala, anamwino, azamba, oyendetsa ambulansi ndi onse osesa m'mawodi.

Ine wanu,
Mlembi wa komiti ya zaumoyo,
m'malo mwa amfumu ndi anthu a m'mudzi mwathu