Kalata kwa a Nduna a Zamaphunziro: mayeso athu azifunsanso kuti "chifukwa chiyani?"

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mphunzitsi wa Jogalafe pa sekondale ina yoyendera kuno kummwera. Ndiloleni ndikufotokozereni zomwe ndinaona m'kalasi mwanga.

Sukulu zitatsegulidwa pambuyo pa namondwe wa Freddy mu 2023, ndinafunsa ana a Folomu 3 tanthauzo la kukokoloka kwa nthaka. Manja anali m'mwamba. Mtsikana wina analakatula tanthauzo lonse m'Chingerezi osaphonya liwu, ndendende monga ndinalembera pa bolodi. Ndiye ndinafunsa kuti, nanga n'chifukwa chiyani matope a m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe, pomwe madera ena a Blantyre mvula yomweyo inangowanyowetsa? Kalasi yonse zii. Wina anayamba kusanthula manotsi. Mnyamata wakumbuyo anandifunsa, osati mwachipongwe ayi: "Aphunzitsi, zimenezi zibwera pa mayeso?"

Ndinawauza kuti atseke makope, ayankhe m'Chichewa. Apo ndiye munabuka mkangano! Wina anati mitengo inathera makala. Wina anati anthu anamanga m'njira ya madzi poti malo abwino m'tauni ndi a anthu andalama. Mtsikana uja anawatsutsa onse: mvula inagwa masiku angapo osaleka, nthaka inakhuta madzi, ndiye tidziwa bwanji kuti mitengo ikanaligwira phirilo? Funso limenelo mulibe m'manotsi anga. Belu linalira akadatsutsana.

Nzeru anawa ali nazo, a Nduna. Amene timazitsekera ndife aphunzitsi, ndipo ine ndikuvomera mlandu wanga. Koma mnyamata uja anafunsa zoona. JCE itabwerera mu 2021, mwana wathu amadutsa zipata zitatu, PSLCE, JCE ndi MSCE, ndipo kholo likabwera pasukulu limangofunsa mapointi. Chomwe mayeso afuna n'chomwe ife timaphunzitsa. Teremu yomaliza timangokhalira mapepala a mayeso akale, ana n'kumaloweza mpaka usiku.

Pempho langa ndi ili. Mukhale pansi ndi a MANEB ku Zomba komanso a MIE, okonza silabasi, ku Domasi, kuti pepala lililonse lizikhala ndi funso loti mwana sanalionepo: chithunzi, mapu, mitengo ya fetereza ya zaka zingapo, kapena maganizo a anthu awiri otsutsana, iye aweruze ndi kupereka zifukwa. Malikisi azipita pa zifukwazo. Funso lotere likasa silithandiza, chifukwa palibe choti ubise m'sokosi.

Pamene pali ntchito yaikulu ndi pochonga. Wochonga akakhala ndi mulu wa mapepala ndi mndandanda wa mayankho, yankho lanzeru lomwe silili pa mndandandapo limalandira mtanda. Ochonga aphunzitsidwe kulizindikira, apatsidwenso nthawi yoliwerenga. Ndikudziwa kuti zimenezi n'zandalama. Nkhani ya chiyankhulo nayo musaidumphe: mwana amene akulimbana ndi Chingerezi amathawira kuloweza, ife n'kumati ndi mbuli.

Palinso china chomwe lamulo silingakonze lokha. Kwathu kuno mwana wofunsafunsa timati ngwamwano, chonsecho ndife omwe timati safunsa anadya phula. Pabwalo la mfumu mlandu sugamulidwa mbali inayo isanalankhule, mboni zimafunsidwa mafunso, ndipo ana amakhala pomwepo kumvetsera. Ku makoleji a aphunzitsi aphunzitseko luso limeneli, kuti mphunzitsi asamaone ngati wanyozedwa mwana akamutsutsa. Ine ndemwe zinanditengera zaka kuti ndizolowere kunena kuti "sindikudziwa, tiyeni tifufuze."

Mtsikana uja ndinamupatsa choko kuti alembe funso lake pa bolodi. Linakhalapo masiku awiri, kenaka ndinalifufuta kuti ndilembe manotsi, poti silabasi inali kutali.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa sekondale yoyendera