Makolo, tsegulani makope a ana anu

Akonzi,

Tiloleni tilankhule ndi makolo anzathu a kuno ku Dedza. Chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ambiri timayesa kuti tikagula yunifolomu ndi makope ndiye kuti mbali yathu yatha. Koma mwana amene amalephera mayeso a MANEB ku Sitandade 8 nthawi zambiri amakhala atasochera kale ku Sitandade 2, kunyumba osadziwa.

Poyambira pake ndi kope. Mphunzitsi amalemba deti pabolodi tsiku lililonse, ana n'kukopera pamwamba pa tsamba. Lachisanu madzulo tsegulani kopelo muwerenge madetiwo. Ngati pa masiku asanu mwapeza atatu okha, mwanayo akujomba, ngakhale m'mawa amanyamuka ndi anzake. Onaninso pamene aphunzitsi achonga. Izi sizifuna kuti kholo likhale lophunzira. Ngakhale agogo angathe kusiyanitsa pokhoza ndi polakwa, madetiwo n'kuwawerengera mwana wamkulu wa pakhomopo.

Kujombako kawirikawiri timakuyambitsa ndife. Tsiku la msika timatenga mwana kuti akasenze kabichi kapena akalere mng'ono wake. Nthawi yokumba mbatatesi ku Bembeke ana amapita kuganyu sabata yathunthu. M'makalasi oyambirira maphunziro amatsatizana: lero aphunzira “mb”, mawa “nd”, mkuja “ng'”. Wojomba masiku atatu amapeza anzake akuphatikiza kale mawu, ndipo m'kalasi lodzaza mphunzitsi sangabwerere chifukwa cha iye yekha. Mwanayo amayamba kuloweza tsamba lonse ngati nyimbo kuti asachite manyazi.

Kumuyesa n'kosavuta. Mukamamumvetsera akuwerenga, musamulole kuyambira pamwamba pa tsamba. Lozani liwu la pakati, kenako lina la m'munsi. Akayang'ana kumwamba n'kuyamba kutchula chiganizo choyamba, dziwani kuti waloweza chabe. Musamukwapule, chifukwa mantha ndiwo amamuphunzitsa kubisa. Khalani naye mphindi 15 kapena 20 tsiku lililonse dzuwa lisanalowe, aziwerenga mokweza maphatikizo ochepa mpaka atawagwira. Mwana wofika Sitandade 5 asanadziwe kuwerenga Chichewa bwinobwino amavutika kwambiri, poti kumeneko mabuku ambiri ndi a Chingerezi, monganso mayeso a Sitandade 8 kupatula phunziro la Chichewa.

Kuzizira kwa Juni ndi Julayi nakonso kumachedwetsa ana aang'ono, n'kuphonya phunziro loyamba. Juzi ya pakaunjika ndi phala kapena mbatata yophika m'mawa zimathandiza kwambiri. Mwana amene amatsinzinira poyang'ana pabolodi, kapena amene khutu likutuluka mafinya, mupite naye kuchipatala ndipo mupemphe kuti azikhala kutsogolo.

Pa atsikana tikupempha chilungamo pakhomo. Sikoyenera kuti mtsikana atunge madzi, atsuke mbale, aphike, mlongo wake ali kumpira, kenako tizidabwa kuti akuwodzera m'kalasi. Akatha msinkhu mumupezere zovalira zokwanira, popeza ena amajomba mwezi ndi mwezi chifukwa cha zimenezi, ndipo amayi a Mother Group pasukulupo amathandiza mukawafikira. Amene watenga mimba ali ndi mwayi wobwerera kusukulu akabereka, ndipo kukwatiwitsa mwana wosakwana zaka 18 lamulo limaletsa.

Kwa aphunzitsi a mwana wanu pitaniko pakati pa teremu, osadikira tsiku lotsekera, kope lili m'manja, mufunse kuti ndi pati pamene akulephera.

Aphunzitsi opuma,
Dedza