Msonkhano wa Loweruka: nkhani ya nyumba pafupi ndi masiteshoni a Rea Vaya

Abale ndi alongo a pa gulu lino, moni nonse. Loweruka likubwerali tikumana 2 koloko masana pa malo athu aja a nthawi zonse, nkhani yake ndi imodzi basi, malo okhala ife amene tili ku Orange Grove ndi mbali zina za Louis Botha Avenue.

Kwa amene mwangofika kumene kuno ku Joni, nkhaniyi ndi yakale ndithu. Mabasi a Rea Vaya anayamba kuyenda mu 2009, kenako mu 2013 meya Parks Tau anabweretsa pulani yotchedwa Corridors of Freedom, yoti m'mbali mwa misewu ya mabasiwa muzimangidwa mafulati osanjikizana, mashopu pansi anthu pamwamba, kuti munthu uzingoyenda wapansi kukakwera basi osati kuthera ndalama zonse pa thiransipoti. Louis Botha Avenue ndi umodzi mwa misewu ya mu pulaniyi. Mu 2019 khonsolo inaonjezanso kuti womanga nyumba 20 kapena kuposa asiyeko 30 peresenti ya nyumbazo kuti zikhale za anthu opeza zochepa.

Papepala zikumveka bwino, koma ife a mzipinda za kuseri bwanji? Ine landilodi wanga wabwera kale ndi anthu atanyamula tepi, ayeza yadi yonse mpaka pa chingwe choyanikira zovala, osandiuza kanthu.

Ndiye bwerani ndi malisiti a lendi komanso pepala la mgwirizano ngati munasainirana, tiwerengere limodzi. Amene muli pa shifiti tumizani mafunso kwa alembi Lachisanu lisanathe. Mipando ndi yochepa, ochedwa muima.