Chilengezo: Ulendo Wokaona Nyumba Zakale ku Livingstonia

Amayi ndi abambo a m'gulu lathu, tikukudziwitsani kuti ulendo wathu wa chilimwe chino ndi wa ku Livingstonia, pa phiri la Khondowe m'boma la Rumphi.

Mishoni ya Livingstonia inayambira ku Cape Maclear mu 1875, nisamukira ku Bandawe mu 1881. Malungo atapulula anthu m'mbali mwa nyanja, mtsogoleri wa mishoniyi Dr Robert Laws anaikweza ku Khondowe mu 1894. Tikaona Stone House ya mu 1903, imene tsopano imasunga zinthu zakale, tchalitchi chokhala ndi zenera lagalasi losonyeza David Livingstone, ndi chipatala cha David Gordon Memorial. Tikaimanso pa kapinga pamene mu 1959, nthawi ya zipolowe, anayala miyala kulemba Aefeso 2:14, kuuza ndege ya boma kuti amishoni sachoka.

Pa makoma a njerwa zootcha mukayang'anitsitse kunsi. Pamene denga likudontha kapena ngalande yatsekeka, madzi amakwera m'khoma ndipo njerwa zimayamba kufumbutuka. Kumata simenti pamenepo, monga ambiri amachitira, kumangotsekera chinyontho m'kati. Choyenera ndi kukonza denga ndi ngalande kaye, kenaka kumata ndi laimu wosakaniza ndi mchenga.

Tidzakwerera pa Chitimba, mumsewu wa Gorodi, makilomita pafupifupi 15 a makona okhota kwambiri. Galimoto zotsika pansi zisabwere. Potsika, madalaivala agwiritse giya yoyamba kapena yachiwiri, chifukwa mabuleki akatentha sagwira.

Tengani juzi, kumtundako kumazizira. Lembetsani mayina kwa mlembi msanga.