Ngozi za pamsewu wa M1 m'chigwa cha Shire sizingathere pa dalaivala yekha

A Mkonzi,

Ndikuthokoza pondipatsa mpata m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo pa ngozi zapamsewu zomwe zikupitirira kutenga miyoyo ya anthu m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Nthawi zambiri tikawerenga nkhani ya ngozi ya kuno, mawu ake amakhala omwewomwewo: dalaivala amathamanga kwambiri, analephera kuwongolera galimoto, ndipo apolisi akupempha oyendetsa galimoto kuti azitsatira malamulo apamsewu. Mawu amenewa sindikuwatsutsa, chifukwa madalaivala osasamala alipodi ndipo timawaona. Dandaulo langa ndi lakuti nkhani imathera pa dalaivala, ngati kuti msewu womwe wachitirapo ngoziyo ndi wofanana ndi misewu ina yonse ya m'dziko muno, pamene ife okhala kuno tikudziwa kuti mmene dera lathu linakhalira ndi mmene mumachokera ngozi zambiri, ndipo malo amene zimachitikira sasintha chaka ndi chaka.

Aliyense amene anatsikako kuno kuchokera ku Blantyre akudziwa kuti ulendowu ndi waufupi, makilomita pafupifupi 50 kukafika pa boma la Chikwawa. Komabe pa mtunda waufupiwu munthu amachoka mumzinda womwe uli pamwamba kuposa mamita 1,000 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, n'kudzafika m'chigwa chomwe chili pafupifupi mamita 100 okha, ndipo chigwacho chimapitirira kutsika mpaka pamalo otsikitsitsa m'Malawi muno, a mamita 37, pomwe mtsinje wa Shire umatulukira kulowa m'dziko la Mozambique. Kutsika kwakukulu kumachitika pa chigawo chimodzi chokha cha msewu, m'mapiri a Chikwawa, pomwe msewu umakhotakhota uli ndi khoma la phiri mbali imodzi ndi phompho mbali inayo, mpaka kudzafika pa Thabwa. Khomo lodalirika la phula lolowera m'chigwa chino ndi lomweli. Simenti, fetereza, mafuta agalimoto, katundu wa m'masitolo ndi chimanga chothandizira anthu pa nthawi ya njala zimatsikira pomwepa, ndipo shuga wa ku Nchalo, ethanol wa pa Dyeratu, thonje ndi ng'ombe za ku Ngabu zimakwerera pomwepanso.

Mathiraki olemera amavutika pa mtsetse wotere pa chifukwa chomwe makaniko aliyense angachifotokoze. Mabuleki amaimitsa galimoto pokhuzana zitsulo, ndipo kukhuzanako kumabweretsa kutentha. Dalaivala akatsika chitunda chachitali atangopondereza buleki m'malo moika giya yaing'ono kuti injini ithandize kugwira galimoto, mabuleki amatentha mpaka amasiya kugwira, ngakhale kuti m'mawa mwake anali abwinobwino. Thiraki yoyendera mabuleki a mpweya ili ndi vuto linanso, lakuti kupondaponda buleki pafupipafupi kumatha mpweya mofulumira kuposa mmene makina angaubwezeretsere. Onjezanipo katundu wopitirira muyeso, ndi chizolowezi choipa cha madalaivala ena chotsika atachotsa giya pofuna kupulumutsa mafuta, mudzaona kuti ngozi yomwe imalembedwa kuti yachitika kumunsi kwa phiri inali itayamba kale makilomita angapo kumtunda. Choopsa kwambiri n'chakuti mabuleki amafooka pomwe galimoto yayandikira mapeto a chitunda, ndiye kuti pafupi ndi Thabwa, malo omwe pali chipata cha apolisi, mphambano ya msewu wolowera kutsidya la kummawa kwa Shire, ndi anthu ambirimbiri ochita malonda.

Munthu akaima pa Thabwa masana safunika kukhala katswiri kuti amvetse zimene ndikunenazi. Thiraki ikamafika kuchokera kumtunda, fungo la mabuleki opsa limafika msanga iyo isanaime, nthawi zina utsi ukutuluka m'mawilo akumbuyo, ndipo pomwepo amayi onyamula malichero a nthochi ndi nsomba pamodzi ndi anyamata a kabaza amakhala akuthamangira minibasi yomwe yaima mamita ochepa kutsogolo kwake. Anthuwa sali olakwa pofuna chakudya cha ana awo. Koma kulola msika kukula pamalo pomwe galimoto yothawa mabuleki ingathere ulendo wake ndi nkhani yomwe khonsolo ya boma ndi akuluakulu oona zamisewu ayenera kuiganizira mozama. M'mayiko ena, pa mitsetse yotere amakonza kanjira kapambali kodzaza ndi mchenga kapena timiyala, kuti thiraki yomwe yataya mabuleki ipatukireko n'kutitimira mpaka kuima. Mchenga sitingausowe kuno, popeza mitsinje yathu yonse yadzaza nawo. Pamwamba pa phiri pakufunikanso malo okakamiza thiraki iliyonse kuima, kuti dalaivala aone mabuleki ndi kuika giya yoyenera asanayambe kutsika, ndipo wapolisi woima pamenepo angapulumutse anthu ambiri kuposa woima kumunsi komwe zinthu zimakhala zitaonongeka kale.

Okwera phirili nawonso ali ndi mavuto awo. Thiraki yodzaza shuga imakwera phirili mwapang'onopang'ono, kumbuyo kwake kuli mndandanda wa magalimoto, ndipo dalaivala wa minibasi amene akuwerengera maulendo oti apeze ndalama ya mwini galimoto amataya mtima n'kuyamba kupitirira pokhota pomwe sakuona kutsogolo. Thiraki ikafera pachitunda, mnyamata wothandiza dalaivala amatsika msangamsanga kukatsamiritsa mwala pa tayala, kenaka amathyola nthambi za mitengo n'kuziyala pamsewu m'malo mwa zizindikiro zofiira zomwe lamulo limafuna. Nthambi sizioneka usiku, komanso sizioneka m'miyezi ya June ndi July pamene nkhungu ya chiperoni yakuta kumtunda kwa phiri. Thirakiyo ikachoka, mwala uja kawirikawiri umatsala pakati pa msewu kudikira wanjinga yamoto amene adzatsike kukada. Malo ochepa okulitsidwa, oti galimoto yolemera izipatukirako ena n'kudutsa, angachepetse kwambiri mchitidwe wopitirirana pokhota.

Tikawoloka mlatho wa Kamuzu, msewu umasinthiratu khalidwe, ndipo ngozi zake zimasinthanso. Kuchokera pa Dyeratu kudzera pa Bereu, Nchalo, Ngabu, Sorgin, Bangula ndi Tengani mpaka ku Nsanje ndi ku Marka, dziko ndi lathyathyathya ndipo msewu ndi wowongoka mtunda wautali. Dalaivala amene anali tcheru paphiri amamasuka n'kuponda mafuta, ndipo m'miyezi ya October ndi November, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, tulo timamuba mosavuta ndipo matayala akutha amaphulika pa phula lotentha. Komatu msewu wowongokawu si wa magalimoto okha. Chifukwa choti dera ndi lopanda zitunda, njinga yakapalasa ndiyo mayendedwe a munthu wamba, ndipo ngolo yokokedwa ndi ng'ombe ikugwirabe ntchito yonyamula thonje, mapira ndi odwala. Chigwa chino ndi kwawo kwa ng'ombe ndi mbuzi, zomwe zimawoloka msewu m'mawa ndi madzulo popita ndi pobwera kokamwa madzi. Zonsezi zimagawana phula limodzi ndi thiraki yothamanga.

Nthawi yoipitsitsa ndi chisisira. Ngolo imakhala ilibe chonyezimira chilichonse kumbuyo, woyendetsa ndi mwana wamng'ono, wakabaza wanyamula munthu ndi thumba la chimanga, ndipo m'mphepete mwa phula mwadyeka kotero kuti alibe kothawira. Apa ndikuona kuti mafumu athu angathandize kwambiri kuposa apolisi, chifukwa mwini ngolo aliyense amadziwika kwa nyakwawa yake. Lamulo la m'mudzi loti ngolo isatuluke yopanda zonyezimira silifuna ndalama za boma. Chomwe chikufuna ndalama ndi kukonza m'mphepete mwa msewu kuti apanjinga ndi oyenda pansi akhale ndi mbali yawo, makamaka polowa ndi potuluka m'misika ikuluikulu ngati Nchalo, Ngabu ndi Bangula, komwe pa tsiku la msika malonda amafika pa phula penipeni.

Ndinenepo pang'ono za chikhulupiriro chomwe chimamveka pamaliro a anthu ofa pangozi, chakuti malo ena amafuna magazi, makamaka chaka chikamatha. Sindinyoza olira, pakuti munthu wotaya mbale wake mwadzidzidzi amafunafuna tanthauzo. Koma chikhulupirirochi chimapeputsa mlandu wa amene anayenera kukonza malowo, chifukwa pokhota popanda chikwangwani ndi zitsulo zotchinga padzaphabe anthu, kaya papempheredwe kangati.

Madzi nawo ali ndi gawo lawo. Mitsinje monga Mwanza, Mkombedzi wa Fodya, Lalanje ndi Thangadzi imakhala mchenga wokhawokha miyezi yambiri, koma mvula ikagwa kumapiri imasefukira m'maola ochepa, ngakhale kuno kusanagwe dontho. Tinaona madzi osefukira a mu January 2015, namondwe wa Idai mu March 2019, wa Ana mu January 2022 yemwe anadula msewu wa M1 ndi kuononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndi wa Freddy mu March 2023. Madzi akaphwa, chidwi cha dziko chimachoka, koma ife timatsala ndi msewu wokumbika m'mbali, njira zongodutsira zomwe zimakhalitsa kuposa mmene anatiuzira, ndi zikwangwani zomwe zinakokoloka osabwezeretsedwa. Dalaivala wachilendo amene akuthamanga usiku pa phula labwino amangodzidzimuka ali pa fumbi ndi maenje. Ngozi yotere imalembedwanso kuti ndi ya liwiro.

Funso lomwe sindimalimva likufunsidwa mokwanira ndi lakuti, n'chifukwa chiyani katundu yense wolemera ayenera kuyenda pamsewu? Chigwa chino chinali ndi njanji yochokera ku Limbe kudzera ku Makhanga, Bangula ndi Nsanje mpaka ku Marka, yolumikizana ndi doko la Beira. Madzi anadula njanjiyi cha ku Chiromo mu 1997, ndipo kuyambira pamenepo katundu amene akanakwera sitima wakhala akukwera ndi kutsika phiri la Chikwawa pa matayala. Doko la Nsanje lomwe linatsegulidwa mu 2010, pa nthawi ya mtsogoleri wakale malemu Bingu wa Mutharika, silinapepule msewu ngakhale pang'ono chifukwa silinayambe kugwira ntchito. Tinakondwa pamene sitima yonyamula mafuta inafika ku Marka mu 2024, komabe tiyenera kuonetsetsa chinthu chimodzi: malinga ngati njanji sinalumikizidwe mpaka ku Limbe, katundu aliyense wotsitsidwa kumunsi kuno adzayenera kukwezedwa pa mathiraki, kudutsa m'misika yathu yonse ndi kukwera phiri lomwe lija. Ntchito yaikulu ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme ikadzayamba kubala zipatso, zokolola zake zidzafunanso njira yotulukira. Magalimoto olemera achuluka, sachepa, ndipo kukonzekera kwake kuyenera kuyamba tsopano.

Pali mbali inanso yomwe imapweteka mtima. Wovulala kwambiri pangozi ya ku Bangula kapena ku Ngabu amayamba wafika pa chipatala chapafupi, monga cha Ngabu, cha Montfort ku Nchalo kapena cha boma ku Chikwawa, koma wothyoka msana kapena wovulala m'mutu amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Ambulansi yake imakwera phiri lomwelo, ndipo ngati thiraki yagwa mopingasa pokhota, imadikira pamzere pamodzi ndi ena onse. Galimoto yokoka mathiraki akugwa ikanakhala yokhazikika pafupi ndi phirili, msewu sukanatsekeka maola ambiri, ndipo kuphunzitsa anyamata a kabaza ndi amalonda a pa Thabwa kanyamulidwe koyenera ka munthu wovulala kukanapulumutsa ena amene amavulazidwa kawiri ndi manja ofuna kuthandiza.

Ndikudziwa kuti yankho lidzakhala lakuti ndalama palibe. Komatu oyendetsa galimoto amalipira msonkho wa misewu pa lita iliyonse ya mafuta, ndipo pa msewu womwewu wa M1 pali zipata zolipiritsa za Chingeni ndi Kalinyeke. Msewu wa M1 suthera ku Blantyre, umathera ku Marka. Choncho ndikupempha bungwe la Roads Authority, la Roads Fund Administration ndi nthambi yoona za magalimoto ndi chitetezo chapamsewu kuti atumize akatswiri awo adzayende phirili wapansi, kuchokera pamwamba mpaka pa Thabwa, ali ndi madalaivala a mathiraki omwe amalidziwa pokhota paliponse. Apolisi a Chikwawa ndi Nsanje ali ndi mabuku a ngozi zonse zomwe zinalembedwa. Atulutse mndandanda wosonyeza malo enieni omwe ngozi zimabwerezabwereza, kuti aphungu athu a Nyumba ya Malamulo akhale ndi chogwira m'manja pokambirana ndondomeko ya zachuma. Ndipo inu a Mkonzi, mtolankhani wanu akadzalembanso za ngozi ya kuno, afunseko ngati pamalopo panali chikwangwani, ngati zitsulo zotchinga phompho zinalipo, ndiponso kuti thirakiyo inanyamula katundu wolemera bwanji.

Ine wanu,
Wowerenga wokhudzidwa,
Nchalo, Chikwawa